Kosi ya kuwotcherera zitsulo pa koleji kuno ku Lilongwe, ndiyabwino koma mudziwiretu izi

Anthu akhala akundifunsa pafupipafupi za kosi ya welding and fabrication imene ndinapanga, makamaka makolo amene ana awo alemba MSCE koma ku yunivesite sizinatheke, nde ndati bola ndingolemba kamodzi zonse zimene ndinaona, zabwino ndi zowawa zomwe, aliyense aziwerenga yekha. Dzina la koleji sinditchula chifukwa ndili ndi madandaulo angapo ndipo sindikufuna zioneke ngati ndikulimbana ndi munthu, ingodziwani kuti ili kuno ku Lilongwe, si ya boma, ndipo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Kosiyo payokha ndiyabwino, ndalama zanu sizipita mmadzi. Koma ngati cholinga chanu ndi kukagwira ntchito ya mmafakitale, ya mapaipi, matanki ndi zitsulo zonyamula katundu wolemera, pepala lokhalo silikufikitsani kumeneko, pali kampata kena pakatipa kamene mumayenera kudzadza nokha ndipo palibe amene amakuuziranitu tsiku lolipira fizi.

Za kalowedwe sindichedwapo. TEVETA inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 ndipo makampani amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ngati levy yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, nde ukasankhidwa kudzera kwa iwo kupita ku makoleji akuluakulu aja, Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu kapena Livingstonia, zimapepukako mthumba. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo si koleji iliyonse ili ndi kosi iliyonse nde funsani kaye musanalembe dzina. Kuchokera 2015 kunabweranso ma community technical college mmaboma. Enafe tinalowa za anthu odziyimira paokha, kulipira tokha chilichonse. Chachikulu apa, musalipire ngakhale tambala musanaone umboni woti sukuluyo ndi yolembetsedwa, tisukulu tina mtauni muno timangolemba chikwangwani chachikulu pageti koma satifiketi yake palibe bwana angaiyang'ane kawiri.

Miyezi yoyamba imakhumudwitsa anyamata ambiri. Iwe wabwera ndi mtima woti mawa lomwe uziyatsa moto, koma amakupatsa tupa, hakiso, sikweya ndi kachidutswa ka chitsulo, akuti kasalaze mbali zonse kakhale sikweya ndendende. Umapala mpaka matuza mmanja, kupita nako kwa aphunzitsi, iwo kukagunditsa pa sikweya nkukweza mmwamba kuloza kuwindo, kuwala kukangodutsa pakati ngakhale pang'ono amakubwezera osayankhula zambiri, amangoti kuona maso a nkhono nkudekha mwana wanga, bwerera pa vayisi. Ena anasiyira pomwepo kumati sitinalipire fizi kudzapala zitsulo. Ine lero ndimaona kuti gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa munthu wa ku koleji ndi wongotolera luso, chifukwa ntchito yambiri ya welda imachitika moto usanayake: kuyeza, kulemba, kudula, kusongola mmphepete, kugwiriza zitsulo kuti zikhale pamalo pake. Chimodzimodzi technical drawing, ambiri timaitenga ngati chilango koma mfakitale palibe amene amakufotokozera pakamwa, amangokuponyera pepala lili ndi tizizindikiro tosonyeza kuti apa fillet, weld ya pangodya pamene zitsulo ziwiri zakumana, ya mamilimita 6, mbali iyi kapena mbali zonse ziwiri, ndipo ukalephera kuwerenga pepalalo umakhala wogwirira anzako zitsulo mpaka kalekale. Pa drawing ndi masamu ake kolejiyi ndiyiyamikira, anatiphunzitsa mosathamanga.

Tsopano pa arc penipeni, kuwotcherera ndi moto wa magetsi pogwiritsa ntchito rodi, kandodo kachitsulo kamene kamasungunuka nkulumikiza zitsulo. Aliyense amayamba ndi rodi kumata pachitsulo, ukaikoka sikuchoka, mashini akung'ung'udza, rodi nkufiira yonse. Aphunzitsi athu a pulakitiko anali bambo wachikulire amene anagwirapo mmakampani asanayambe kuphunzitsa, ndipo iwowa ndi chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti kosiyi ndiyabwino. Samakuuza kuti walakwitsa ali patali ayi, amavala helemeti yawo nkuima kumbuyo kwako, kukugwira dzanja pamkono, nkumati usayang'ane kuwalako, yang'ana kadziwe ka chitsulo chosungunukacho kumbuyo kwa rodi, kakufupika kapena kakutambalala, mvetsera phokoso lake. Amatha kudziwa ali kutsidya lina la wekishopu kuti uje wakweza ma amp kwambiri pongomva kulira kwake. Anatiphunzitsa kuti rodi ya 2.5 imafuna ma amp apakati pa 70 ndi 100, ya 3.2 imakwera mpaka cha mma 130, koma nambalazo nzoyambira chabe, makulidwe a chitsulo ndi mmene wakhalira ndi zimene zimalamula. Tsiku limene slag, chikhungwa chija chimatsala pamwamba, inayamba kudzitukula yokha pamene weld ikuzizira osaigogoda nkomwe, pansi pake mizere yosalala yofanana, anangogwedeza mutu nkupita kwa wina, koma kalasi yonse timadziwa kuti kugwedeza kumeneko ndi malikisi apamwamba.

Chinanso chimene ndinakonda, amafotokoza chifukwa chake cha zinthu. Rodi imene aliyense amagula mma hardware a ku Old Town yolembedwa E6013 ija, manambalawo ali ndi nkhani: 60 ndi mphamvu yake, mapaundi 60,000 pa sikweya inchi, 1 ndiye kuti imagwira mbali zonse kaya chogona, choimirira kapena pamwamba pa mutu, ndipo 3 akunena za mankhwala okutira kunja kwake amene ambiri ndi mwala wina wokumbidwa pansi wotchedwa rutile. Ndipo zimandikhudza ndikaganiza kuti rutile yemweyo ndi amene anapezeka wochuluka zedi ku Kasiya, mmbali mwathu mommuno, pamene ife marodi tikugula ochokera kunja ndi ndalama yosowayi. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Phunziro limene silidzachoka mmutu mwanga ndi la kupinda. Umawotcherera mapuleti awiri, pamwamba pakuoneka bwinobwino mpaka umafuna kujambula utumize pa WhatsApp, kenako aphunzitsi amadula kachidutswa nkukaika pa vayisi kukapinda ndi hamala. Ntchito yooneka bwino ija imangoti thyo pakati, ukayang'ana mkati muli timabowo, slag yotsekeredwa, ndipo pansi penipeni chitsulo sichinasungunuke nkomwe, zinangomatana pamwamba. Apa mpamene umamvetsa chifukwa chake mageti ena amagwa mahinji chaka chisanathe. Ndisaname, amisiri a mmisewu ya ku Mchesi, Biwi ndi Kawale ndimawalemekeza kwambiri, ambiri a iwo dzanja lawo ndi lothamanga kuposa la ife a mapepala, amapanga mabagala, mafelemu, ngolo ndi mbaula ndi mashini opanga okha a mawaya okulunga mbokosi, ndipo mzinda uno ukuyenda chifukwa cha iwo. Koma palibe amene anawaonetsapo mkati mwa weld yawo, ndipo pa geti zimatha kudutsa, pa paipi ya nthunzi kapena tanki ya mafuta sizingadutse, pamafa anthu.

Za chitetezo anaphunzitsa bwino mkalasi ndipo apa ndikupempha ngakhale amene simudzapita ku koleji muwerenge. Magalasi akuda a dzuwa amene anyamata amavala mmisewu aja sateteza kanthu, pamafunika galasi la helemeti la shade 10 kapena 11 pa ntchito wamba ya arc. Kuwala kuja kumawotcha diso, masana sumva kanthu, koma pakati pa usiku umadzuka mmaso muli mchenga wokhawokha, misozi ili chuchuchu, kutsegula osatheka. Anthu amathamangira kuika mbatatesi kapena kudonthezera mkaka, pitani kuchipatala abale. Utsi nawo si wamasewera, mu 2017 bungwe la IARC limene limafufuza za khansa pansi pa WHO linaika utsi wa welding mgulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mosakayikitsa. Mapaipi a galvanised aja ndiye oipiratu, zinc ikapsa imatulutsa utsi woyera umene usiku umakupatsa kuzizidwa ndi kuphwanya mthupi mpaka umayesa malungo, ndipo zoti ukamwa mkaka ziphe zonse zimatsukika ndi nkhambakamwa chabe. Anatiuzanso mobwerezabwereza kuti mgolo umene munali petulo kapena dizilo usamayandikizidwe moto ngakhale ukuoneka wouma, kuti girisi kapena oyilo asakhudze regulator ya oxygen, kuti silinda ya acetylene izikhala choimirira nthawi zonse ndipo mapaipi a gasi azikhala ndi flashback arrestor, kachipangizo kotchinga lawi kuti lisabwerere, pakuti lawi la oxy-acetylene limafika pafupifupi madigiri 3,200 ndipo likabwerera mpaipi sumapatsidwa nthawi yothawa.

Koma apa mpamene madandaulo anga akuyambira, chifukwa zimene timaphunzira mkalasi ndi zimene timapeza mwekishopu zinali zosiyana. Mahelemeti anali ochepa, ena magalasi osweka omata ndi tepi, magolovesi obooka zala, timachita kulandizana. Ovololo ndi jombo umagula wekha, zimenezo ndilibe nazo vuto, koma helemeti pasukulu yophunzitsa welding siyenera kukhala yolimbirana. Mpweya mwekishopumo sumayenda bwino, anthu akayatsa onse nthawi imodzi utsi umangozungulira pansi pa malata, mwezi wa Okutobala ndiye mumachita kutuluka mutu ukuwawa. Makatani otchinga pakati pa munthu ndi mnzake analipo awiri atatu basi nde umatha kupsa maso ndi arc ya mnzako iwe uli phee kuyeza chitsulo chako.

Dandaulo lalikulu kwambiri ndi nthawi imene munthu umakhala utagwira holder, chogwirira rodi powotcherera. Welding ndi dzanja, imalowa pobwereza, palibe njira yachidule. Ife tinali gulu lalikulu pa mashini ochepa, ena mwa iwo akufa, nde pulakitiko ya mmawa wonse iwe umapezeka wawotcha marodi owerengeka, nthawi ina yonse uli chiimire kuonerera. Marodi amachita kuwerengera ngati mankhwala, zitsulo zophunzirira zikatha mumadikira sabata kuti ofesi ivomereze kugula zina. Magetsi akathima ndiye basi tsiku lapita, jenereta inalipo koma yaing'ono yongoyatsira makompyuta a ku ofesi. Sindikunena kuti zonsezi ndi kuipa mtima kwa eni sukulu, zipangizo zakwera mtengo aliyense akudziwa, koma fizi nayo timalipira yokwera ndipo bwenzi akutiuza chilungamo pachiyambi kuti pagulu lililonse mashini ndi angati. Amene tinatulukako ndi dzanja labwino ndi amene timasonkherana kugula paketi yathu ya marodi, kukatola zidutswa kwa ogulitsa sikirapu, nkuwapempha aphunzitsi atitsegulire Loweruka. Bambo aja amabwera ndithu osalipidwa kanthu, Mulungu awadalitse, koma sukulu siyenera kuyendera chifundo cha munthu mmodzi.

Nanga MIG ndi TIG, njira zina ziwiri zowotcherera zimene zimagwiritsa ntchito gasi kuteteza weld ku mpweya? Pa kapepala kotsatsa kosi zinalembedwa bwinobwino. Mashini a MIG analipo amodzi, gasi amapezeka mwa apo ndi apo, aliyense anangolawako. TIG ndiye tinaiphunzira pa bolodi, kujambula tochi, tungsten, argon, kuloweza mayankho a mayeso, zili ngati kuphunzira kuphika nsima pongowerenga osagwirako mthiko. Chonsecho TIG ndi imene imafunika pa stainless steel mmafakitale a zakumwa, mkaka ndi zakudya, ndiponso pa mzere woyamba wa mapaipi ambiri a pressure, ndipo ndi imene ili ndi ndalama. Ngakhale rodi ya E7018 imene mmakampani ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku pa zitsulo zonyamula katundu tinaigwira mochepa kwambiri, uvuni yosungiramo panalibe, pamene rodi imeneyi ikangoyamwa chinyezi imalowetsa hydrogen mu weld nkudzang'ambika pambuyo pake, nchifukwa chake imasungidwa yotentha cha mma digiri 120. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti kosiyi, mmene imaphunzitsidwira, imakukonzekeretsa bwino kupanga mageti, mabagala, ma trasi a denga ndi masitandi a matanki a madzi. Imeneyo ndi ntchito yabwino ndipo ikudyetsa mabanja. Koma si imene ambiri tinalota pomva mau oti industrial.

Maso anga anatseguka pa atachimenti. Sukulu imakupatsa kalata basi, malo umasaka wekha, nde tinayenda wapansi mu Kanengo geti ndi geti ma envelopu mmanja, alonda ena osakulola nkulowa komwe. Apa napo kolejiyi ikanachitapo kanthu, kukhala ndi makampani ogwirizana nawo, chifukwa amene alibe achibale odziwika amavutika kwambiri ndipo anzanga ena anathera pamalo pamene miyezi yonse amangosesa, kupenta ndi kutumidwa kukagula chips, holder osaigwira. Ine ndinachita mwayi ndinapeza pa kampani ina yopanga matanki ndi zitsulo za mashedi. Alawansi inali yongokwanira minibasi, nthawi zina osabwera nkomwe, koma zimene ndinaphunzira kumeneko sindikanazigula.

Anandipereka kwa madala ena, welda wa Grade 1 ya trade test yakale ija, osayankhulayankhula. Tsiku loyamba sanafunse za satifiketi, anangotenga mapuleti awiri a mamilimita 10 osongoledwa mmphepete, kuwaimika choimirira, nkunena kuti mphwanga, kwera nayo kuchokera pansi. Imeneyo ndi 3G. Kusukulu tinazolowera chogona patebulo, nde apa chitsulo chosungunuka chimangoyenderera pansi, mmbali mukudyeka. Anayang'ana nkunena kuti dzanja lilipo koma sunawotche marodi okwanira, ndipo anandipatsa ngodya yanga ndi mulu wa zidutswa kuti nthawi ya nkhomaliro ndizipanga zomwezo. Anandionetsa kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu pakati pa mapuleti, kusunga kabowo kakang'ono kutsogolo kwa kadziwe kuti moto ulowe mpaka kuseri, kuima pang'ono mbali iyi ndi mbali iyo koma kudutsa msanga pakati, kutsuka mzere uliwonse ndi grinder ndi burashi usanaike wina pamwamba. Anandiphunzitsanso za kupindika, kuti chitsulo chikatentha chimakoka, nde sumangoyamba uku mpaka uko, umadumphadumpha, apo ayi felemu yonse imatuluka yokhota ndipo folomani sakumvera chifukwa. Madala amenewa ndimawatcha bambo mpaka lero ndipo ndikadutsa ku Kanengo sindilephera kukawaona.

Kumeneko nkumene ndinamva koyamba bwinobwino za coded welder, zimene kusukulu anangozitchula modutsa. Ntchito zikuluzikulu sizifunsa kuti unaphunzira kuti, zimafuna uyesedwe pa ndondomeko inayake, monga ASME Section IX kapena ISO 9606, pamaso pa inspekita, ndipo chimene wawotchereracho amakachipinda kapena kuchiunika ndi X-ray. Mayeso amene aliyense amawaopa ndi 6G, paipi yopendekeka madigiri 45 yomangidwa kuti isatembenuzike, iweyo ndi amene umazungulira, nde mu joint imodzi muli chogona, choimirira ndi chapamwamba pa mutu zonse pamodzi. Ukakhoza imeneyo zitseko zambiri zimatseguka. Ndipo chiphaso chake si cha muyaya, ukakhala miyezi 6 osagwira ntchito ya mtundu umenewo chimatha mphamvu. Palinso pepala lotchedwa WPS limene limakuuza rodi yanji, ma amp angati, mizere ingati, kutenthetsa kaye kapena ayi, ndipo sumasintha mwa nzeru zako ngakhale utakhala katswiri. Ndinadzifunsa kuti bwanji zinthu zofunika chonchi sitinakhalepo nazo ngakhale sabata imodzi yathunthu mkalasi, WPS yeniyeni kuigwira mmanja, dye penetrant, utoto woonetsa ming'alu, kuipopera tokha pa weld nkuona mng'alu ukutuluka wofiira. Sizodula kwambiri zimenezo, ndi nkhani yongoganizira.

Ntchito zilipo kodi? Ili ndi funso limene makolo amafunsa kwambiri. Zilipo koma zambiri nza kontilakiti, osati zokhazikika. Mafakitale a shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo akaima kugaya nzimbe nyengo ya mvula amakonza makina ndipo mawelda amafunika. Mafakitale a fodya ndi a mafuta ophikira ku Kanengo, ntchito za mapaipi a madzi, malo omwetsera mafuta, mashedi ndi nyumba zosanja zimene zikumangidwa mtauni muno, migodi ngati Kayelekera ku Karonga, konseko chitsulo chimafuna munthu. Chimene chimandiwawa nchoti pa ntchito zikuluzikulu za mapaipi nthawi zambiri makontilakita amabwera ndi mawelda awo ochokera kunja, ife nkumawagwirira grinder, osati chifukwa Amalawi tilibe manja koma chifukwa ochepa ndi amene anapatsidwa mpata woyesedwa. Ena amapita ku Joni, ndipo kumenekonso nkhani ndi yomweyo, amakupatsa paipi kuti tione, pepala amaliona pambuyo.

Phunziro la entrepreneurship ambiri amalithawa koma ine linandithandiza. Anatiphunzitsa kuwerengera mtengo wa ntchito, zitsulo, marodi, ma disiki, penti, magetsi, thiransipoti, kutha kwa mashini ndi thukuta lako lomwe, chifukwa amisiri ambiri amatchaja pongoyang'ana nkhope ya kasitomala nkupezeka agwira sabata yonse phindu palibe, kenako adya dipoziti ya wina kuti amalize ntchito ya wina, mbiri nkuipa. Ndi kamashini kamodzi kowotcherera ka inverter, grinder ndi drill munthu umatha kuyamba pakhonde ku Area 25 kapena ku Chinsapo, ndipo anzanga angapo a mkalasi akukhalira zomwezo, ena alemba kale anyamata.

Atsikana tinali nawo ochepa kwambiri, ndipo ndinene mosabisa kuti mmodzi wa iwo ndi amene anali ndi weld yosalala kuposa tonse, samathamanga, amatsuka joint yake bwinobwino pamene anyamata tikupikisana kumaliza. Koma sukulu sinawaganizire, magolovesi onse akuluakulu, malo osinthira zovala panalibe amachita kukasinthira kuchimbudzi cha ku ofesi, ndi mau ena achipongwe ochokera kwa anyamata amene aphunzitsi ena amangowasekerera. Makolo amene mwana wanu wamkazi akufuna kosi imeneyi musamuletse, ntchitoyi imafuna kudekha ndi maso kuposa mphamvu, koma kafunseni kusukuluko kuti atsikana amawasamalira bwanji.

Mayeso anali achilungamo, pulakitiko amayesa munthu payekha ndipo panalibe zogula malikisi zimene ndinaziona. Kungoti satifiketi inachedwa kutuluka, timangouzidwa kuti bwerani mwezi wamawa, ndipo mnzanga wina anaphonya mwayi wa ntchito chifukwa cha zomwezo. Ku ofesi ya fizi ndiye amakhwimitsa kwambiri, ukatsala ndi kangongole kochepa amakutulutsa mwekishopu pakati pa pulakitiko, pamene mashini akafa mwezi wathunthu palibe amene amakubwezera kanthu.

Nde kodi ndingamuuze mng'ono wanga kuti apite? Eya ndingamuuze, ndipo pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka, zambiri mwa izo chifukwa cha aphunzitsi a pulakitiko ndi drawing. Koma ndingamuuzenso kuti asakalipire atangoona ofesi ndi kapepala kokongola. Apite tsiku la mkati mwa sabata cha mma 10 mmawa, apemphe kulowa mwekishopu, awerenge mashini amene akuyaka nthawi imeneyo osati amene angoikidwa pakona, awerengenso ophunzira amene aima manja mthumba. Afunse ngati MIG ndi TIG zili ndi gasi lero lomwe, aone ngati pali mapaipi odulidwa ophunzirira kapena ndi ma flat bar okhaokha, afunse kuti magetsi akathima amatani, ndipo akapeze ophunzira a chaka chachiwiri panja pa geti aphunzitsi palibe, amenewo ndi amene amanena zoona. Pa bajeti, kupatula fizi, ovololo ndi jombo, makolo muikepo ndalama ya helemeti yakeyake ndi paketi ya marodi mwezi ndi mwezi, komanso ya minibasi ya miyezi ya atachimenti chifukwa alawansi simungaidalire. Ndipo atachimenti ayambe kusaka teremu yoyamba yomwe, afunefune kampani imene ili ndi mapaipi ndi argon ngakhale ikhale yosapereka kanthu, kusiyana ndi ya mageti yopereka ka alawansi. Ineyo pano ndikugwira pa shedi ina ku Kanengo komweko ndipo madzulo ndikuphunzira paipi pa zidutswa za mainchi 6 zimene folomani amandilola kutenga, ndikusunga ndalama ya mayeso a 6G.